Khrisimasi, Sabata ndi Eid m'minda ya tiyi ku Thyolo

Mwezi wa Disembala, umene kumaiko a ku Ulaya ndi ku America umakhala wa chisanu ndi tchuthi, m'boma la Thyolo ndi mwezi umene ntchito imafika pachimake, chifukwa mvula ikangoyamba tiyi amaphukira mofulumira kotero kuti munda umene wathyoledwa lero umafunanso manja pakangopita masiku ochepa. M'maesiteti monga Satemwa, Conforzi, Makandi, Nchima ndi Naming'omba, ino ndiyo nyengo yolemba antchito ambiri apakanthawi, ndipo masamba akathyoledwa sayenera kugona m'dengu, koma ayezedwe pasikelo ndi kupita kufakitale asanawonongeke. Choncho Khrisimasi imawapeza anthu ali kalikiliki, ndipo nkhani ya kulolerana pa zipembedzo, kutanthauza kupatsana mpata woti aliyense apembedze monga mwa chikhulupiriro chake popanda kuopsezedwa kapena kutaya chake, imafika kuno ngati nkhani ya masiku ogwira ntchito, malipiro ndi ndiwo.

Ku America mkangano wa nyengoyi umagona pa moni. Masitolo ndi maofesi ambiri adasiya kutchula Khrisimasi pofunira anthu zabwino, n'kuyamba kungonena za nyengo ya tchuthi, pofuna kuti Ayuda amene amakondwerera Hanukkah, Asilamu ndi anthu osapembedza asadzimve otsalira. Mchitidwe wosankha mawu mosamala chotere kuti gulu lililonse lisakhumudwe umatchedwa political correctness, ndipo amene amautsutsa amati ukuchotsa Khristu pa tsiku lake. Cholinga cha mchitidwewu n'chabwino ndithu, koma kwa mayi wothyola tiyi ku Makwasa, amene malipiro ake amadalira masiku amene wagwira ndi makilogalamu amene sikelo yaonetsa, mawu a pakhadi la kampani sasintha kanthu ngati kapitawo akumulemba kujomba pa tsiku limene iye amaliyesa lopatulika.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse, pafupifupi 77 ndi Akhristu ndipo pafupifupi 14 ndi Asilamu, koma chiwerengerochi chimabisa kusiyana kwakukulu kumene kulipo pakati pa Akhristu eni ake, kumene ku Thyolo kumaonekera poyera. Kuno n'kumene kuli Malamulo, mishoni yakale ya mpingo wa Seventh-day Adventist, imene mpingowu udagula m'chaka cha 1902 kudzera mwa Joseph Booth, panthawiyo ikutchedwa Plainfield, ndipo mmishonale wake woyamba adali Thomas Branch, munthu wakuda wochokera ku America. Akhristu a mpingowu amasunga Sabata kuyambira Lachisanu dzuwa likalowa mpaka Loweruka dzuwa likalowa, sadya nyama ya nkhumba, ndipo chiphunzitso chawo cha zaumoyo chimawalangiza kupewa tiyi ndi khofi, ngakhale kuti mishoni yawo yazunguliridwa ndi minda ya tiyi yomwe ambiri mwa iwo amapezamo chakudya cha ana. Pa za Khrisimasi mpingowu sulamula kapena kuletsa, motero ena amaphika mpunga ndi kugulira ana zovala zatsopano, pamene ena amaliona tsikuli ngati tsiku wamba. Chimene sachitaya ndi Loweruka, ndipo popeza ntchito ya m'minda imafika mpaka Loweruka, apa ndi pamene kulolerana kumayesedwa sabata ndi sabata, makamaka m'dzinja pamene tsamba silidikira munthu.

Malamulo a dziko akuteteza wantchito wotere. Gawo 33 la malamulo aakulu a mu 1994 limapereka ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo, ndipo lamulo la zantchito la mu 2000 limaletsa kusala munthu chifukwa cha chipembedzo chake, limalamula kuti wantchito apume maola 24 akagwira masiku 6 otsatizana, komanso limalola kuti tsiku lopumalo likhale limene bwana ndi wantchito agwirizana. Vuto ndi lakuti wantchito wapakanthawi, amene akudziwa kuti pachipata pali ena ambiri ofuna malo ake, sakhala ndi mphamvu zokambirana ndi aliyense, ndipo ufulu umene munthu akuopa kuutchula umatsalira papepala.

Aliyense woganiza kuti izi ndi zazing'ono akumbukire zimene zidawagwera a Mboni za Yehova, amene sakondwerera Khrisimasi kapena kutenga mbali m'ndale. Boma la Dr Hastings Kamuzu Banda lidaletsa chipembedzo chawo mu Okutobala 1967, makamaka chifukwa chokana kugula makhadi a chipani cha Malawi Congress, ndipo mu 1972 nkhanza zidakula kwambiri moti ambiri adachotsedwa ntchito, adawotcheredwa nyumba, adamenyedwa ndi achinyamata a chipani, ndipo zikwizikwi adathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia ndi ku Mozambique. Chiletsocho chidachotsedwa mu Ogasiti 1993. Anthu amene adaona zimenezi akadali moyo, ndipo mwana wa Mboni amene lero amakana mwaulemu mbale ya pa Khrisimasi popanda womunyoza akudya zipatso za ufulu umene makolo ake adaulipirira ndi magazi.

Asilamu nawo adadikira nthawi yaitali kuti tsiku lawo lilowe pakalendala ya boma, kufikira pamene Eid al-Fitr, chikondwerero chotsekera mwezi wa kusala kudya wa Ramadan, idakhala tchuthi mu ulamuliro wa Bakili Muluzi. Popeza kalendala ya Chisilamu imatsata mwezi ndipo imabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, Eid imayendayenda m'nyengo zonse, ndipo mu 2000 idafika patangopita masiku ochepa Khrisimasi itachitika. Mikangano ikabuka, monga ya kavalidwe ka hijab ka atsikana a Chisilamu m'sukulu za mishoni, bungwe la Public Affairs Committee, limene lidakhazikitsidwa mu 1992 ndi atsogoleri a Chikhristu ndi Chisilamu, ndilo lakhala likukhazika pansi mbali zonse, ndipo pa nkhani ya hijabyo mgwirizano udasainidwa mu 2021.

Komabe luso lalikulu la kukhalira limodzi limapezeka m'makomboni, momwe mabanja a Chilomwe, Chimang'anja ndi Chiyao amatungira pampopi umodzi. Anthu akasonkherana ndalama kuti agule mbuzi ya pa Khrisimasi, kawirikawiri amaitana Msilamu kuti ndiye aizinge motsata malamulo a chipembedzo chake, n'cholinga choti nyamayo idyedwe pakhomo lililonse, ndipo mayi wodziwa anansi ake saphika nkhumba mumphika umene adzapakulire wa Sabata kapena Msilamu. Palibe lamulo lidalamula zimenezi, ndipo zimatheka chifukwa anthuwa amadziwana zimene aliyense amasala. Nzeru yomweyi ikhoza kulowa m'ndondomeko ya ntchito, pakuti wa Sabata ndi wa Mboni ambiri sangavutike kugwira pa 25 Disembala, tsiku limene lamulo limati wogwira alipidwe kawiri, pamene Mkatolika kapena wa CCAP angathe kutseka mpata wa Loweruka, ndipo Msilamu angapatsidwe maola ochepa a Lachisanu masana kuti akafike kumzikiti. Kusinthana kotere kukangosiyidwa m'manja mwa kapitawo kumadalira mtima wake, n'chifukwa chake malo ake oyenera ndi m'mgwirizano wolembedwa umene bungwe la antchito a m'minda la PAWU limakambirana ndi eni maesiteti a mu Tea Association of Malawi, kuti uteteze ngakhale wantchito amene walembedwa kwa miyezi ya mvula yokha.