VINYO WA KU JONI AKUFUNA MBUZI, OSATI CHAMBO

Inu amene mumakwera basi kukaoda katundu ku Joni, botolo lolembedwa kuti Pinotage mwaliwonapo ndithu. Ena mumabwera nalo mutalifunditsa m'mabulangete kuti mudzagulitse pa Khirisimasi, koma kasitomala akafunsa kuti amakoma bwanji, mumangoti ndi wofiira basi. Munthu uja akakalawa kunyumba n'kukwinya nkhope, mawa sabweranso pa benchi panu.

Pinotage si dzina la kampani ayi. Ndi mtundu wa mphesa, ndipo kwawo ndi ku South Africa konko. M'chaka cha 1925, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Stellenbosch, kufupi ndi Cape Town, dzina lake Abraham Perold, adakwatitsa mitundu iwiri ya mphesa za ku France: Pinot Noir, yokoma koma yovuta kulima, ndi Cinsaut, yopirira dzuwa komanso yobereka zedi. Masiku amenewo Cinsaut kumeneko ankaitchula kuti Hermitage, ndiye adangolumikiza mayina awiriwo. Botolo loyamba lolembedwa dzinali lidatuluka mu 1961. Kwa zaka zambiri akatswiri akunja ankamunyoza vinyoyu, mpaka mu 1991 pomwe Beyers Truter wa pa munda wa Kanonkop adapata ulemu wa katswiri wofulula vinyo pa mpikisano wa ku London. Apo onyoza adayamba kutsitsa mawu.

Nanga mkamwa amamveka bwanji? Musayembekeze kutsekemera kwa vinyo wa m'katoni uja timamwa pa ukwati. Uyu alibe shuga womveka. Mukanunkhiza mumamva ngati mabulosi akupsa kwambiri, kenaka kautsi pang'ono, ngati pa mbaula pomwe moto wangozima kumene. Ena amamvamo nthochi. Ulipo mtundu wina womwe udatchuka kuyambira 2001 wonunkhira ngati khofi, chikhalirecho khofi sathiramo, fungolo limachokera ku matabwa owauka amene amaika pofulula. Koma Pinotage wofulula mwaulesi amanunkha ngati kyuteksi kapena tayala lopsa. Mukamva zimenezo, mphuno zanu sizikunama.

Chimene chimathawitsa anthu ambiri ndi kuuma kwa mkamwa. Mukameza, lilime limachita ngati mwaluma nthochi yosapsa, kapena mwamwa tiyi wopanda mkaka amene masamba adakhalitsa m'ketulo. Si kuwonongeka kumeneko abale. Khambi limenelo limachokera ku makoko ndi njere za mphesa, ndipo mankhwala ake ndi nyama ya mafuta. Mafuta aja amafewetsa kuumako, vinyo nayenso amatsuka mafuta pa lilime, ndiye nthuli yotsatira imakoma ngati yoyamba.

N'chifukwa chake eni ake amamwera nyama yootcha ndi soseji yawo ija ya boerewors. Kwathu kuno palibe chomuposa kanyenya wa mbuzi, wothira mchere okha, wongochoka pa makala. Mang'ina ophika mpaka kulekana, mchira wa ng'ombe, nkhumba yootcha, zonsezi amagwirizana nazo. Ngakhale nyemba zophika ndi mafupa zimamutha.

Ine ndidalakwitsa ulendo woyamba. Ndidagula chambo chabwinobwino chokazinga, n'kutsegula botolo kuti ndidyerere ngati bwana. Ee! Mkamwa mudangomveka chitsulo, chambo chija osamvekanso kukoma. Nsomba yofewa imagonja kwa vinyo wamphamvu chotere, usipa ndiye osayerekeza. Tsabola wa kambuzi nayenso muchepetse, chifukwa akakumana ndi ukali wa vinyo mkamwa mumayaka moto wokhawokha.

Tsono kwa inu ogulitsa, mdani wamkulu ndi dzuwa. Botolo likakhala pa benchi tsiku lonse mwezi wa Okutobala, vinyo amapsa m'kati momwemo, fungo la zipatso limatha, amatsala wozizira ngati madzi a nyemba. Mukaona chotsekera chatukuka kapena vinyo wadontha m'khosi mwa botolo, dziwani kuti mpamba wapita. Sungani pa mthunzi, pansi, kutali ndi mbaula ya achipisi. Wogula mumuuze aike m'firiji mphindi 20 asanatsegule, kapena m'ndowa ya madzi ozizira, ndipo akatsegula amalize pasanathe masiku atatu.

Mumuuzenso kuti uyu si mowa wa m'botolo wamba. Mowa umakhala ndi ukali wa 5 peresenti, Pinotage amafika 14, nthawi zina kuposera apo. Botolo limodzi ndi la anthu anayi ndi mbale ya nyama, osati la munthu mmodzi wopanda kanthu m'mimba.