Mpamba wa Bizinesi Yaing'ono: Thandizo Laulere ndi Ngongole

Munthu wofuna kuyamba kapena kukuza geni yake amamva mawu akuti "thandizo" paliponse pamene wapita. Mawuwa m'Chichewa amaphimba zinthu ziwiri zosiyana. Pali ndalama zimene munthu amalandira osadzabwezanso, ndipo pali ngongole imene imabwezedwa ndi chiwongoladzanja. Wofuna mpamba ayenera kudziwa khomo limene akugogoda.

Zambiri zimene boma la Malawi lakhala likupereka ndi ngongole. M'chaka cha 2005 linakhazikitsa thumba la MARDEF lobwereketsa anthu akumudzi, kenako la YEDEF loyang'ana achinyamata. Matumba awiriwa anaphatikizidwa mu 2014 kukhala MEDF, yomwe mu 2020 inasinthidwa dzina kukhala NEEF. Mayina anasintha, koma vuto la kusabweza ngongole linapitirira. Chimodzi mwa zifukwa zake, m'kuona kwanga, n'chakuti andale ankalengeza ndalamazi pamisonkhano ngati thandizo, ndipo omvera ankamva kuti ndi mphatso. Chonsecho thumba lotere limayenda mozungulira: wina akabweza m'pamene mnzake amabwereka. Akalephera kubweza ambiri, amene ali kumapeto kwa mzere amapeza m'mphika muli gwa.

Ndalama zaulere zenizeni zilipo, koma n'zochepa ndipo amazilimbirana ndi anthu ochuluka. Chitsanzo ndi bungwe la Tony Elumelu Foundation la ku Nigeria, lomwe mu 2015 linayamba kusankha eni mabizinesi ang'onoang'ono m'mayiko a mu Africa, kuwaphunzitsa, kenako kupatsa aliyense madola 5,000 osabweza. Opereka ndalama otere amafuna ndondomeko ya bizinesi yolembedwa: ukugulitsa chiyani, ogula ndani, ndalamazo zikagwira ntchito yanji. Ena amafunanso kalata yosonyeza kuti bizinesi inalembetsedwa kuboma, akaunti ya kubanki, ndi kaundula wa zolowa ndi zotuluka.

Apa m'pamene nkhani ya chiyankhulo imalowerapo. Mafomu ambiri otere ali m'Chingerezi ndipo amadzazidwa pa intaneti. Mayi wogulitsa tomato pamsika wa Lizulu amadziwa bwino phindu la pa dengu lililonse, koma kulemba zimenezi m'Chingerezi cha m'maofesi ndi luso lina. Choncho amene amapambana nthawi zambiri ndi wodziwa kulemba, ngakhale kugulitsa asakudziwa kwenikweni.

N'chifukwa chake ambiri amadalira banki mkhonde. Mamembala amagula masheya sabata iliyonse, amabwereketsana ndalamazo popanda chikole cha nyumba kapena munda, ndipo pakutha pa chaka amagawana pamodzi ndi chiwongoladzanja. Mpamba wake ndi wochepa, sungagule chigayo. Komabe malamulo amakambirana m'chiyankhulo chawo, ndipo palibe amene amaganiza kuti wapatsidwa mphatso, popeza mwini ndalamazo wakhala naye pamphasa pomwepo.