Mphunzitsi wa m'foni salema kubwereza, koma sayankha mafunso

Pamene boma linatseka masukulu, makoleji ndi mayunivesiti onse pa 20 March 2020 cifukwa ca matenda a Covid-19, aphunzitsi a m'mayunivesiti anayamba kulankhula ndi kamera. Ena anaphunzitsa pa Zoom pa nthawi yoikika. Ena anajambula maphunziro awo pa vidiyo n'kuwatumiza pa intaneti kuti ophunzira aonere nthawi imene angakwanitse. Masukulu anatsegulidwa, koma njira yaciwiriyi inakhalabe, makamaka kwa amene aphunzira ali kutali.

Taganizirani mphunzitsi wa pulaimale ku Lundazi kapena nesi wa ku Petauke amene afuna digiri koma sangasiye nchito. Ngati phunziro la pa Zoom liyamba 18 hours ndipo malaiti apita, kapena netiweki yathawa, ndiye kuti lamupita basi. Tonse tikumbuka caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi m'damu la Kariba ndipo nyumba zambiri zinali kukhala mumdima pafupifupi tsiku lonse. Vidiyo yojambulidwa kale ilibe vuto limeneli. Munthu amaikopera m'foni akapita ku boma kumene netiweki ili bwino, n'kukaionera usiku ana atagona. Akapanda kumvetsa amaibweza kumbuyo, ngakhale kasanu, popanda womuseka.

Nzeru imeneyi si yatsopano ayi. Ku Britain, Open University inayamba kuulutsa maphunziro ake pa wailesi ya kanema ya BBC mu 1971, ndipo patapita zaka ophunzira anali kuwajambula pa makaseti kuti aonere m'mawa. Mu 2001 yunivesiti ya MIT ku America inalengeza kuti idzaika zinthu zophunzitsira pa intaneti kwaulere. Mu 2012 kunabwera Coursera ndi edX.

Koma si vidiyo iliyonse imene iphunzitsa. Mu 2014, Philip Guo ndi anzake awiri anafalitsa zimene anapeza atafufuza m'mene anthu anaonerera mavidiyo a edX nthawi zokwana 6.9 miliyoni. Anapeza kuti ambiri sanali kupitirira mphindi 6, ngakhale vidiyo ikhale yaitali bwanji. Mavidiyo oonetsa nkhope ya mphunzitsi nthawi zina, kapena zimene akulemba ndi dzanja, anali kukopa anthu kuposa oonetsa mau okhaokha.

Apa ndi pamene aphunzitsi ena alakwitsa. Amaimika kamera kumbuyo kwa holo, n'kulankhula maola awiri, zolemba pa bolodi osaoneka, kenaka n'kutumiza zonsezo monga mtolo umodzi. Wophunzira amene wagula bundle ndi ndalama ya ndiwo amaithera pa phunziro limodzi, theka lake n'kukhala phokoso la mipando. Phunziro lomwelo litadulidwa m'tizidutswa, kaya n'kutumizidwa ngati mau okha pamene palibe coonetsa, lingafike kwa anthu ambiri.

Palinso ulesi wina umene suoneka msanga. Vidiyo ikajambulidwa kamodzi, n'capafupi kuigwiritsa nchito caka ndi caka. Pa masamu mwina palibe cobvuta. Nanga pa zamalamulo kapena zamisonkho, zimene zimasintha ndi bajeti ya caka ciliconse? Wophunzira angaloweze zinthu zimene zinatha kale, iye osadziwa.

Cacikulu kwambiri n'cakuti vidiyo simva funso. M'kalasi mphunzitsi amaona nkhope zikacita tsinya ndipo amafotokozanso mwa njira ina. Vidiyo imangobwereza mau omwewo. N'cifukwa cake Open University siinadalire kanema yekha: ophunzira anali ndi aphunzitsi oona zolemba zawo ndi kukumana nawo m'timagulu. Kholo kapena wanchito amene afuna kulipira maphunziro a pa intaneti afunse asanapereke ndalama kuti adzayankha mafunso ake ndani, pa masiku angati, ndiponso kuti mavidiyowo anajambulidwa caka citi.