Simenti si mankhwala a nyumba yakale

Posachedwapa banja lina linandipempha kuti ndikaliyenderere nyumba yomwe linkafuna kugula ku Stamford, tauni yakale yamsika m'chigawo cha Lincolnshire ku England. Ndi nyumba yamiyala, yosanja, ya m'zaka za m'ma 1700, ndipo ogulitsa ankaichemerera kuti inakonzedwa yonse. Penti inali waliwali. Koma m'chipinda chapansi munkanunkha chuku, ndipo kunja mipata yonse ya pakati pa miyala anaimata ndi simenti. Mtima unandiwawa.

Bodza lomwe ndatopa nalo ndi loti simenti, poti ndi yolimba, ndiyo imapulumutsa khoma lokalamba. Joseph Aspdin analembetsa simenti ya Portland mu 1824, nyumba zambiri za ku Stamford zili chiimire kale. Amisiri a nthawiyo ankamangira laimu wosakaniza ndi mchenga, khoma lake lochindikala, lopanda mpata pakati. Mvula ikawomba, khoma lotere limamwa madzi pang'ono, kenako mphepo ndi dzuwa zimawatulutsa kudzera mu laimu. Pantchito yathu timati khoma likupuma. Amene anasungapo madzi mumtsuko akudziwa kuti dothi limachita thukuta, ndipo thukutalo si chilema.

Simenti imatseka njira imeneyi. Madzi amalowabe pa timing'alu, koma potulukira palibe, ndiye amathawira m'mwala, m'mitanda ndi m'zipinda. Kukazizira kwambiri amaundana n'kufufuma, mwala wofewa uja n'kuyamba kunyenyeka, simenti ili gwa. Laimu ndi wofewa dala, kuti azitha ndi iye, mwala uzitsala. Kubwezeretsa laimu n'kosavuta, koma mwala wosemedwa zaka 250 zapitazo ukatha, watha. Choipitsitsa, mwini nyumba akaona chinyezi amaitana obaya mankhwala m'khoma, iwo n'kumatanso pulasitala wa simenti, chinyezi n'kungokwera m'mwamba. Chonsecho nthawi zambiri gwero limakhala mpope wotsitsa madzi a padenga womwe watsekeka, kapena dothi lakunja lomwe launjikana pakhoma. Bungwe loteteza nyumba zakale la SPAB, lomwe William Morris anayambitsa mu 1877, lakhala likulimbikitsa kukonza chokhacho chomwe chawonongeka, ndipo ine ndili kumbali yake.

Palinso lamulo. Mu 1967 Stamford inakhala dera loyamba ku England kutetezedwa chifukwa cha nyumba zake zakale, ndipo zoposa 600 ndi listed, kutanthauza kuti zili m'kaundula wa boma. Malinga ndi lamulo la mu 1990, kusintha maonekedwe a nyumba yotere popanda chilolezo cha khonsolo ndi mlandu, ndipo khonsolo ikhoza kulamula wogula kuti abweze zomwe anasintha mwini wakale, ndi ndalama zake.

Ngati mukufuna kugula, pemphani makalata a chilolezo a ntchito iliyonse yomwe inachitika. Funsani zomwe anamatira makoma. Pezani woyendera nyumba wodziwa zakale, achite kafukufuku wozama wotchedwa RICS Level 3, ndipo ngati n'kotheka mukaionenso mvula itangogwa. Nyumba zimasiyana, ndipo nthawi zina kugumula simenti kumawononga mwala kuposa kuisiya, choncho musathamangire chizulo mmisiri wa laimu asanaone khomalo.