WhatsApp ku minda ya tiyi: ufulu ndi malire ake

Kale wothyola tiyi ku Thyolo ankamva za dziko pa wailesi kapena kwa kapitawo. Lero m'midzi yozungulira maesiteti monga Satemwa, Makandi ndi Conforzi, nkhani za malipiro, kuchepa kwa malo olima komanso ndale zikuyenda pa foni kudzera pa WhatsApp ndi Facebook. Mauthenga ojambula mawu ndiwo amafala msanga, popeza ngakhale wosadziwa kuwerenga amawamva.

Mphamvu ya intaneti pa ndale idaonekera pa zionetsero za pa 20 Julaye 2011, mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, mbadwa ya boma lomweli. Bungwe la MACRA litaletsa mawailesi kuulutsa zochitikazo pompopompo, ambiri m'mizinda adazitsatira pa intaneti.

Komabe ufuluwu uli ndi malire. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limapereka chilango kwa wotumiza uthenga wonyoza kapena woopseza, ndipo anthu angapo adamangidwapo kaamba ka zomwe adalemba. Mu Julaye 2025 khoti lidathetsa ndime 200 ya Penal Code, yomwe inkalola kumanga munthu poipitsa mbiri ya mnzake, koma lamulo la 2016 likugwirabe ntchito.

Choncho wantchito amene akudandaula za malipiro pa gulu la WhatsApp ali ndi ufulu wolankhula, koma chitetezo chake chagona pa kunena zomwe ali nazo umboni, osatukwana, komanso osafalitsa mphekesera zomwe sakudziwa gwero lake.