Land Rover Yakale Ingauke, Koma Nchito Iyambire Pansi

Ku America kuli anthu amene amagula magalimoto akale a injini zazikulu za masilinda 8, monga Pontiac GTO ndi Ford Mustang a m'caka ca 1964, nawakonza okha pakhomo kufikira atawala ngati atsopano. Galimoto yotere, yotsika mimba ndi yaludzu la petulo, siingafike kwa Malama kapena kwa Msoro mvula ikagwa. Ku Malambo, m'boma la Mambwe, galimoto yakale yolandira ulemu wotere ndiyo Land Rover. Munthu woiutsa safuna cionetsero ai: afuna cotengera thonje ndi cimanga, ndiponso cothamangitsira wodwala ku cipatala ca Kamoto pakati pa usiku.

Land Rover yoyamba inatuluka m'caka ca 1948 ku Solihull, m'dziko la England. Popeza citsulo cinali cosowa itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, thupi lake analipanga ndi aluminiyamu. Mtundu wa Series II unadza mu 1958, wa IIA mu 1961, ndipo wa Series III unapangidwa kuyambira mu 1971 kufikira mu 1985. M'cigwa ca Luangwa magalimotowa anatumikira a Boma oyang'anira nyama ndi misasa ya alendo m'masiku a Norman Carr, amene anagwirizana ndi Mfumu Nsefu mu 1950 kupatula malo osungirako nyama. Lero misasa yambiri iyendera Toyota Land Cruiser, ndipo Land Rover yakale ikatopa imangogonekedwa patsinde pa mango.

Wofuna kuiutsa acenjere ndi maso ake. Aluminiyamu sacita dzimbiri lofiira, kotero kuti galimoto ya zaka 50 ioneka yamoyo kunja. Koma thupilo likhala pa chasisi yacitsulo, yamphako mkati ngati nsungwi, ndipo dothi lakuda lomata la m'cigwa likalowamo limasunga cinyezi miyezi yambiri. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Asanataye ndalama pa penti, mwini atenge hamala nagogode chasisi yonse, makamaka mtanda wakumbuyo, timikono tonyamula thupi, pogwira masipuling'i ndi popondapo mapazi. Citsulo cabwino cilira ngwe, covunda cilira phwa. Covundaco acidule ndi kuwocherera cina. Kucimata ndi phula ndiko kubisa cilonda cabe.

Caciwiri ndi mabuleki. Magalimoto oyamba a mtunduwu ali ndi njira imodzi yokha ya mafuta a mabuleki, ndiye kuti paipi imodzi ikaboola mawilo onse anai aleka kugwira. Cotero mapaipi adzimbiri, timipira touma ndi nsapato zonyowa mafuta ziyenera kusinthidwa galimoto isanasunthe. M'botolo la mabuleki muthiridwe mafuta ake enieni, pakuti oilo wa injini atupitsa timipira ndi kutiononga.

Injini yokha ndiyo siivuta kwambiri, ngakhale kuti ambiri amayambira pomwepo. Ya petulo ya malita 2.25 ili ndi masilinda 4, ndipo moto uyaka motsatana: 1, 3, 4, 2. Wosokoneza mawaya a mapulagi adzapalasa tsiku lonse osailiza. Mpata wa matapeti ndi mamilimita 0.25, ndipo wa mapointi ndi pafupi 0.4. Injini imene yagona zaka ithiridwe oilo pang'ono m'mabowo a mapulagi ndi kuzungulitsidwa ndi manja coyamba, ndipo thanki itsukidwe petulo wakale. Cosefa mpweya ca galimotoyi cigwira fumbi ndi oilo wokhala m'mbale yake, tsono m'cilimwe mbaleyo itsukidwe kawirikawiri. Mu Okutobala, pamene kutentha kwa m'cigwa kupitirira madigiri 40, redieta yotsekeka ndi njere za udzu ingathe kupsereza injini pa ulendo umodzi.

Dzinja nalo lili ndi malamulo ake. Pansi pa nyumba ya kilachi pali kabowo kokhala ndi cotsekera cake. Citsekedwe poti aoloke madzi, ndipo citsegulidwenso ataoloka. Pambuyo pake mwini aone oilo wa mu giyabokisi ndi m'madifu onse awiri. Akakhala woyera ngati mkaka, mwalowa madzi, ndipo athiremo EP90 watsopano magiya asanadyeke. M'matope apewe kuzunguza mawilo mwaukali, cifukwa wilo likagwira nthaka mwadzidzidzi shafuti yakumbuyo ithyoka. Woyenda mwanzeru asunga ina pansi pa mpando. Akafika pa tala ya ku Chipata acotse giya ya mawilo anai, pakuti pouma ipanikiza zitsulo.

Zida nazo zisankhidwe bwino. Mabauti ambiri a Land Rover yakale ndi a muyeso wa mainchi, ndipo sipanala ya mamilimita ingowakulungiza mitu. Munthu asalowe konse pansi pa galimoto yoimira pa jeke yokha, kapena pa njerwa zimene zingaphwanyike. Aike zipika zolimba pa nthaka youma, ndipo ana akhale patali.

Ngakhale kuti Defender, mdzukulu wa Land Rover yoyamba, inaleka kupangidwa ku Solihull mu Januwale 2016, zitsulo zatsopano za magalimoto akalewa zikali kupangidwa ndi makampani ena. Koma kwa munthu wa ku Jumbe kapena ku Mfuwe citsulo ciri conse citanthauza ulendo kapena uthenga wa ku Chipata ngakhale ku Lusaka. Ndi cifukwa cake n'kwanzeru kulemba zofunika zonse m'kabuku, ndi kugula pa nthawi yogulitsa thonje: coyamba za chasisi ndi mabuleki, kenaka za injini ndi matayala, penti potsiriza.

Nchito ikatha, galimoto ipite kukapimidwa ndi a RTSA, ilipiriridwe msonkho wa mseu ndi inshuwalansi. Tsiku limene idzanyamuka usiku ndi mai wodwala kumbuyo, apaulendo sadzafunsa za mtundu wa penti, koma ngati idzaima pamene woyendetsa aponda buleki pa mtsetse wa ku mtsinje.