MSUZI WA M'BOTOLO: KODI MUGULAMO CIANI?

Ambiri a inu mwaona m'masitolo akuru mabotolo a msuzi wofiira ali pafupi ndi makaroni ndi supageti, ndipo mwina mwafunsa mumtima kuti, "Kodi munthu wanzeru angagule msuzi, matimati ali mbwee pa msika?" Funso limeneli n'loyenera. Yankho lace ndi lakuti cimene mugula m'botolomo ndico nthawi, ndipo kuti timvetse bwino tiyenera kuyamba taona kumene cakudyaci cinacokera.

Makaroni ndi msuzi wa matimati ndi cakudya ca anthu a ku Italy, mtundu womwe uja umene amisiri ace anamanga cipupa ca Kariba cimene cinatha m'caka ca 1959. Matimati si mbeu yao yamakolo iai. Anacokera ku America, nafika ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500, ndipo poyamba anthu ambiri anali kuwaopa, kuyesa kuti ndi mankhwala akupha. Buku loyamba lodziwika lofotokoza kaphikidwe ka msuzi wa matimati linalembedwa ndi Antonio Latini, nilisindikizidwa mu mzinda wa Naples m'caka ca 1692. Kufikira lero ku Naples kuli msuzi wa nyama wochedwa ragù, umene amautereka m'mamawa pa Sabata, nuwira pang'onopang'ono maora ambiri.

Nanga n'cifukwa ninji msuzi ucedwa kupsa cotero? Matimati ndi madzi okhaokha: m'magawo 100 a kulemera kwace, magawo oposa 90 ndi madzi. Kuti msuzi ugwirane ndi kukoma, madziwo ayenera kuphwera pa moto, ndipo palibe njira yowafulumizira. Supageti ipsa m'mphindi 8 kufikira 12, koma msuzi wa matimati aawisi ufuna theka la ora kapena ora lathunthu. Nchito yophwetsa madziyo ndiyo imene a ku fakitale akucitirani kale.

Luso losunga cakudya m'botolo linabvumbulidwa ndi Nicolas Appert wa ku France. Iye anapeza kuti cakudya cikatsekeredwa zolimba m'botolo, botololo niliwiritsidwa m'madzi, cikhala miyezi yambiri osaola. Boma la France linampatsa mafranc 12,000, ndipo anafalitsa njira yace m'buku m'caka ca 1810. Cifukwa cace cinadziwika pambuyo, pamene Louis Pasteur anaonetsa kuti coolesa zakudya ndi tizirombo tosaoneka ndi maso: moto utipha, ndipo citsekero ciletsa tina kulowa. Mabanja a kumwera kwa Italy acita zimenezi caka ndi caka pa nyengo yokolola matimati, monga momwe amai athu afutsira ndiwo za masamba kuti adzadye m'cilimwe.

Malonda a msuzi wophikiratu anakula ku America, kumene anthu ambiri a ku Italy anasamukira kukafuna nchito. M'caka ca 1937, mu mzinda wa Rochester m'cigawo ca New York, Assunta Cantisano ndi mwamuna wace Giovanni anayamba kuphika msuzi m'nyumba mwao ndi kugulitsa kwa anansi ao. Msuzi wao ndiwo wochedwa Ragú. Ogula anali anthu onga inu, oweruka ku nchito atatopa, ana ali kudikira cakudya.

Tsono tiyeni tiwerengere. Botolo limodzi liposa mtengo wa mulu wa matimati ndi anyezi, zimenezo palibe wotsutsa. Koma powerengera musaiwale makala a pa mbaula kapena magetsi a ora lathunthu, ndi tulo ta munthu amene alowa mu mgodi usiku. Pa tsiku lotere, makamaka nthawi ya dzinja matimati atakwera mtengo, botolo liri ndi phindu. Pamene matimati acuruka pa msika ndipo muli pa nyumba tsiku lonse, phikani wanu, pakuti uposa kukoma ndi kucepa mtengo.

Akuru anati, walira mvula walira matope. Msuzi wa m'sitolo uli ndi mabvuto ace awiri. Loyamba ndi mcere. M'mitundu yambiri, theka la kapu muli mcere woposa galamu 1, ndipo ina athiramo ndi shuga kuti aphe kuwawasa kwa matimati. Bungwe la World Health Organization lilangiza kuti munthu wamkuru asafike magalamu 5 a mcere pa tsiku, ndiyo pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, popeza mcere wambiri ukweza kuthamanga kwa mwazi. Cotero werengani zolembedwa pa botolo, ndipo musathire mcere wina musanalawe.

Bvuto laciwiri ndi kasungidwe. Botolo losatsegula likhala miyezi, koma mukangotsegula msuziwo usanduka ndiwo monga zina zonse. Ngati muli ndi firiji, ikanimo msanga ndi kuutsiriza m'masiku 3 kufikira 5. Ngati mulibe, kapena magetsi azimazima kwanuko, gulani botolo laling'ono loti lithe tsiku lomwelo. Pogula, dinikizani citsekero ndi cala: cikakhala cotukumuka kapena cikalira "tho, tho," mpweya walowa, lisiyeni. Citini cotupa kapena codontha, ndi msuzi wa cuku kapena wa pfungo lacilendo, tayani osalawa, pakuti m'zakudya zotsekera moipa nthawi zina mumera ululu wakupha munthu.

Nayi njira yokometsera msuziwo kuti usamveke za m'sitolo. Terekani madzi a supageti poyamba. Pamene ali kuwira, kazingani anyezi mmodzi ndi adyo m'mafuta pang'ono. Ngati muli ndi nyama yogaya, kapenta kapena nyemba zotsala dzulo, ikanimo. Kenaka thirani msuzi wa m'botolo, muusiye uwire mphindi 10 pa moto wocepa. Supageti ikapsa, sungani theka la kapu la madzi ace musanakhetse, muwathire mu msuzi. Madziwo ali ndi ufa wa tirigu umene uthandiza msuzi kumamatira. Pamenepo sakanizani zonse mu mphika umodzi. Mphindi 20 zisanathe banja liri pa mphasa. Msuzi womwewo uyenera ndi mpunga, ngakhale ndi nsima.

Kwa amai ndi abambo amene acita manyazi kuopa kuchedwa aulesi, tinena kuti kugula msuzi sikusiyana ndi kupita ndi cimanga ku cigayo m'malo mosinja mu mtondo. Cofunika ndi kudziwa tsiku loyenera botolo ndi tsiku loyenera mphika wanu.